Ukonde ukabooka ku Makanjira, nsomba za ku likulu zathawa

Awa ndi mau amene mtolankhani wathu adalankhula pa boma la Mangochi, pamaso pa makalaliki, eni malo ogona alendo, ndi akuluakulu a mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama. Tawasindikiza monga adawalankhulira.

Ndiyambe ndaulula kuti ine si katswiri wa makompyuta. Sukulu ya ukachenjede ndidaisiyira panjira, ndipo chimene ndidatola ndi cholembera basi. Koma ntchito ya utolankhani yandilowetsa m'maofesi ambiri, kuyambira pano pa boma mpaka ku Monkey Bay, Namwera, Chiponde ndi Makanjira, ndipo zimene maso anga aona kumeneko ndi zimene ndabwera kudzakutulirani.

Tiyambire kunyanja, poti tonse tikuidziwa. Asodzi a chilimira amagwira ntchito usiku wonse, koma kukacha sathamangira kukagona. Amayamba ayala ukonde pamchenga n'kumayang'ana diso lililonse. Akudziwa kuti usipa sufunsa ngati chiboo chili pakati kapena kumapeto. Pamene pang'ambika ndi pomwepo pothawira, ndipo ntchito ya anthu khumi imapita m'madzi chifukwa cha malo oti chikhatho chikhoza kutseka.

Netiweki ya makompyuta ndi ukonde womwewo. Banki, bungwe la ngongole, chipatala, kampani ya mahotela, nthambi ya boma, onsewa ali ndi likulu ku Blantyre kapena ku Lilongwe, kumene kumakhala makina aakulu osunga zonse, otchedwa seva. Kenaka ali ndi nthambi zing'onozing'ono kuno kwathu. Kalaliki wa ku Namwera akalemba ndalama imene mayi wasungitsa, uthengawo umayenda pa waya wa fiber, kapena pa nsanja za Airtel ndi TNM, kapena pa mlengalenga kudzera pa Starlink imene idafika m'dziko muno mu 2023, mpaka kukafika mu seva ya ku likulu. Tsono njira imene uthenga wabwino umadzera, mbala nayonso ikhoza kudzera yomweyo. Mfundo yanga lero ndi imodzi yokha: chitetezo cha likulu chimalekezera pamene palekezera chitetezo cha nthambi yake yonyozeka kwambiri.

Ena mwina mukuti izi ndi za Azungu. Ndikukumbutseni za chaka cha 2024. Kumayambiriro kwa chakacho ntchito yosindikiza mapasipoti idaima m'dziko lonse. Pa 21 February, mtsogoleri wa dziko wa nthawi imeneyo, a Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti mbava za pa kompyuta zidalowa m'makina a nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka, ndipo zimafuna dipo kuti ziwatsekule. Adati boma silipereka dipolo. Ntchitoyo idayambiranso pang'onopang'ono m'mwezi wa March. Kodi ndi boma liti m'Malawi muno limene pasipoti imapweteka kuposa Mangochi? Ndi khomo liti kuno limene lilibe mwana ku Joni, kapena amene akukonzekera ulendowo? Mnyamata amene adagulitsa mbuzi za amake kuti apeze pasipoti sadaionepo seva ndi maso ake, koma itagwa, adagwa nayo. Apa phunziro ndi lakuti tonse tamangidwa pa chingwe chimodzi, wa ku likulu ndi wa ku Katuli.

Tibwerere m'mbuyo pang'ono, mu 2013, chaka cha Cashgate. Boma limalipira ndalama kudzera m'makina otchedwa IFMIS, amene amalumikiza maunduna ndi ofesi yaikulu ya zachuma. Anthu ena amalowetsa m'makinamo malipiro a katundu amene sadaperekedwe, macheke n'kutuluka, kenaka n'kufufuta zolembazo kuti pasaoneke phazi. Akatswiri ofufuza mabuku a Baker Tilly a ku Britain adapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuchokera April mpaka September. Maiko otithandiza adaimitsa thandizo lao la bajeti, ndipo amene adalipira ndi wodwala wosowa mankhwala. Mbava za Cashgate sizidathyole zenera. Zidali ndi makiyi, ndipo zidali ndi mphamvu yofufuta kaundula. Choncho tikamanena za chitetezo tisamangoyang'ana kunja kwa mpanda.

Kunja nako nkhani zake zimatiphunzitsa za khomo laling'ono. Mu 2013 momwemo, kampani ya masitolo ya Target ku America idaberedwa manambala a makadi a banki okwana 40 miliyoni. Mbavazo sizidalimbane ndi likulu. Zidaba mau achinsinsi a kampani ina yaing'ono imene inkakonza makina oziziritsira m'masitolomo, n'kulowera pamenepo. Mu May 2021 kampani ya Colonial Pipeline, imene imapopa mafuta kum'mawa kwa America, idatseka mapaipi ake kwa masiku angapo ndi kupereka dipo la madola 4.4 miliyoni. Polowera pake padali akaunti yakale imene idasiya kugwiritsidwa ntchito koma palibe adaitseka. Mu July chaka chomwecho anansi athu a ku South Africa adaona madoko a kampani ya Transnet, kuphatikizapo la Durban kumene katundu wathu wina amadzera, atasokonekera chifukwa cha mbava za mtundu womwewu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono ndikuuzeni zimene ndaona kuno, popanda kutchula maina, chifukwa sindidabwere kudzachotsetsa munthu ntchito. Pa ofesi ina ya m'mbali mwa nyanja ndidapeza pasiwedi italembedwa pa kapepala, n'kumatidwa pa kompyuta pomwepo, moyang'anana ndi benchi ya makasitomala. Nditafunsa, adandiyankha kuti anthu anayi amagwiritsa ntchito pasiwedi imodziyo, ndiye amaopa kuiwala. Mmodzi mwa anayiwo adasiya ntchito chaka chatha, koma pasiwedi sidasinthe. Pa malo ena ogona alendo, Wi-Fi imene adandipatsa ine mlendo idali yomweyo imene kompyuta yolandirira ndalama imagwiritsa ntchito. Pa ofesi yachitatu, mlonda amatchajitsa mafoni a anthu a m'mudzi pa kompyuta ya ofesi, ndipo fulashi yomwe kalaliki amasungira malipoti ndi yomwe amakajambulitsira nyimbo ndi mafilimu kumsika. Ine ndemwe ndidatayapo ntchito ya miyezi itatu chifukwa cholowetsa fulashi yanga mu kompyuta ya pa ofesi ina yotero. Sindikuseka munthu, bala lake ndili nalo.

Anthu amenewa si zitsiru ndipo si mbava. Ndi anthu amene likulu lidawatumizira makina n'kuwaiwala. Katswiri wa makompyuta amakhala ku Blantyre. Kuti afike ku Makanjira, makilomita pafupifupi 100 kuchokera pano pa boma, pamafunika galimoto, mafuta ndi alawansi, ndipo nyengo ya mvula ulendo wake mukuudziwa nokha. Ndiye amabwera makina akafa basi. Likulu lili ndi mlonda, makamera ndi chipinda chozizira cha seva, pamene nthambi ili ndi loko wa pa golosale. Mbala si yopusa kuti ikagogode pa chipata chachitsulo pamene kuseri kuli khomo la bango.

Nanga tichitenji? Nditchula zinthu zisanu ndi ziwiri, ndipo zambiri mwa izo sizilira ndalama zochuluka.

Choyamba, werengani katundu wanu. Mwini ng'ombe amene sadziwa kuti m'khola muli zingati sangadziwe kuti ina yabedwa. Bungwe lililonse likhale ndi mndandanda wa kompyuta, foni, rauta, kamera ndi makina a makadi amene ali pa nthambi iliyonse, ndi dzina la amene akuwasunga. Makina osadziwika asaloledwe kulumikizidwa.

Chachiwiri, matani envulopu. Akuluakulu athu amene mudakhala ku Lusaka, Dar es Salaam ndi Harare nthawi ya chipani chimodzi mukudziwa kuposa ine tanthauzo la kalata yowerengedwa panjira. Mudaphunzira kulemba mokuluwika kuti wotsekula asatolepo kanthu. Makompyuta nawo ali ndi njira yotero. Uthenga wochoka ku nthambi umasandutsidwa zilembo zopanda tanthauzo, ndipo umamasulidwa ukafika ku likulu kokha. Njira yodziwika kwambiri ndi VPN, imene ili ngati mpita wobisika pakati pa maofesi awiri. Nthambi iliyonse ilankhule ndi likulu kudzera mu mpita umenewu. Ndipo rauta ikangofika, sinthani pasiwedi imene idabwera nayo kuchokera ku fakitale, chifukwa mapasiwedi amenewo ali poyera pa intaneti, aliyense akhoza kuwapeza.

Chachitatu, aliyense akhale ndi kiyi wakewake. Pasiwedi yogawana ndi mdani wa munthu wosalakwa, chifukwa ndalama ikasowa onse anayi amakhala okayikiridwa ndipo wakubayo amabisala pakati pao. Komanso pasiwedi payokha siikwanira. Pakhale chitsimikizo chachiwiri, monga nambala imene imabwera pa foni ya mwini wake nthawi iliyonse akamalowa. Akaunti ija ya Colonial Pipeline idalibe chitsimikizo chachiwirichi. Munthu akasiya ntchito kapena akasamutsidwa, akaunti yake itsekedwe tsiku lomwelo, monga mumamulandira makiyi a ofesi. Chimodzimodzi wa kampani ina amene wabwera kudzakonza makina: apatsidwe khomo la chipinda chimene akukonzacho, ndipo akamaliza litsekedwe.

Chachinayi, gawani zipinda. Amene adagwirapo ntchito pa doko la Monkey Bay akuuzani kuti sitima yaikulu imagawidwa kunsi kwake ndi makoma achitsulo, kuti madzi akalowa m'chipinda chimodzi asadzaze sitima yonse. Netiweki ikhale chomwecho. Wi-Fi ya alendo ikhale payokha, makina a ndalama paokha, makamera paokha. Kalaliki wa ku Chiponde aone zokhazo zimene ntchito yake ikufuna, osati mabuku a bungwe lonse. Kale akatswiri ankamanga mpanda umodzi wolimba, umene amautcha firewall, n'kumakhulupirira aliyense amene ali m'kati. Masiku ano nzeru yasintha: ngakhale walowa kale m'mudzi, pa khomo lililonse uyambe waodira ndi kunena dzina lako.

Chachisanu, sokani zigamba. Mapulogalamu onse amapezeka ndi ziboo, ndipo eni ake amatumiza zigamba zotsekera. Kompyuta imene siilandira zigamba ili ngati ukonde umene sunasokedwe chaka chonse. Kampani ya Microsoft idasiya kutumiza zigamba za Windows 7 mu January 2020, ndipo thandizo lake la nthawi zonse pa Windows 10 lidatha mu October 2025. Mukabwerera ku ofesi kayang'aneni chimene chili pa tebulo panu. Ndikudziwa kuti ena amazimitsa dala zigambazi poopa kutha kwa bandulo. Apo ndiye likulu ligule bandulo, kapena likonze zoti zigamba zizilowa usiku. Mtengo wa bandulo sungafanane ndi mtengo wa dipo.

Chachisanu ndi chimodzi, kaundula asasungidwe ndi amene akulembedwamo. Makina amatha kulemba okha kuti uje walowa nthawi yakuti, wasintha chakuti. Zolemba zimenezi zizipita kumalo ena kumene wa pa nthambi sangazifufute, ngakhalenso bwana wa ku likulu. Ndipo pakhale munthu woziwerenga. Akaunti ya kalaliki wa ku Namwera ikalowa 2 koloko ya usiku, pamene mwini wake ali mtulo, belu lilire kwinakwake. Limeneli ndiye phunziro la Cashgate, ndipo tidalilipirira mtengo wokwera.

Chachisanu ndi chiwiri ndi nkhokwe yachiwiri, ndipo pano ndiloleni ndikusimbireni nkhani imene ndimaikonda. Pa 27 June 2017 pulogalamu yoononga yotchedwa NotPetya idabuka ku Ukraine, itabisala mu pulogalamu yowerengetsera msonkho yotchedwa M.E.Doc. Kampani ya sitima zapamadzi ya Maersk ya ku Denmark, imene makontena ake mumawaona pa misewu yathu, idali ndi pulogalamuyi pa ofesi yake ya ku Odessa. Kuchokera pa nthambi imeneyo matendawo adafalikira m'maofesi a Maersk pa dziko lonse. Wapampando wa kampaniyo wa nthawi imeneyo, a Jim Hagemann Snabe, adanena pambuyo pake kuti adachita kukonzanso maseva 4,000 ndi makompyuta 45,000, ndipo adataya madola pakati pa 250 ndi 300 miliyoni. Choopsa kwambiri chidali chakuti maseva osunga kaundula wa antchito ndi mapasiwedi ao adafufutika onse nthawi imodzi, chifukwa onse adali olumikizana. Akatswiri adaimba mafoni ofesi ndi ofesi, mpaka adapeza seva imodzi yamoyo. Idali ku Ghana. Idapulumuka chifukwa magetsi adali atazima pa ofesiyo, ndiye idali yosalumikizidwa pamene anzake ankafa. Adachita kuinyamula pa ndege nkhokwe ya sevayo, kudzera ku Nigeria mpaka ku England, ndipo kampani yonse idadzukira pamenepo.

Mwaseka, chifukwa kuzima kwa magetsi ife ndi chakudya chathu. Tikukumbukira mdima wa 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira. Koma taonani mbali ziwiri za nkhaniyi. Matenda adalowera pa nthambi, ndipo mankhwala adachokeranso pa nthambi. A Maersk adapulumuka mwamwayi, ife tisadalire mwayi. Akatswiri amalangiza kuti zolemba zofunika zikhale m'makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi likhale kutali, losalumikizidwa ku netiweki. Mbava za masiku ano, zija zimatseka makina n'kumafuna dipo, zimayamba zafunafuna nkhokwe kuti ziiotche. Imene ili m'kabati yokhoma, yosalumikizidwa, sizingaifike. Ndipo nkhokweyo muziiyesa. Ambiri amazindikira tsiku la njala kuti chimanga chidafumbwa kalekale.

Zonsezi ndi za makina, koma khomo lalikulu kuposa onse ndi munthu. Nonse mudalandirapo foni yakuti mwapambana mphoto, kapena yakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Nzeru yomweyo amaigwiritsa ntchito pa maofesi. Munthu amaimba ndi mau aulemu ndi odzidalira, akuti ndine wa ku likulu, tikukonza makina, tandipatseni pasiwedi yanu msanga. Kalaliki wa kumudzi, amene adaleredwa kuti wamkulu satsutsidwa, amapereka. Amayi ndi abambo, katswiri weniweni safuna pasiwedi yanu. Dulani foniyo, muimbe nokha ku likulu pa nambala imene mukuidziwa. Ndipo inu mabwana, muuzeni wantchito wanu kuti ali ndi ufulu wokukanizani inuyo pa foni. Mumuuzenso kuti akalakwitsa, akatsekula uthenga woipa, anene nthawi yomweyo popanda kuopa kuchotsedwa ntchito. Mantha amabisa matenda. Dziko lino lidakhala zaka makumi atatu anthu akuopa kunena zimene aona, ndipo tikudziwa kumene zidatifikitsa.

Malamulo alipo. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene limati kulowa m'makina a eni popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo lidakhazikitsa gulu lothandiza pa ngozi za makompyuta pansi pa bungwe la MACRA. Mu 2024 kudabwera lamulo la Data Protection Act, limene limapereka udindo kwa aliyense wosunga mbiri za anthu kuti azisamale, ndi kuti adziwitse MACRA mosachedwa zikabedwa. Lamuloli silisiyanitsa likulu ndi nthambi. Chithunzi cha chiphaso cha nzika cha mayi wa ku Lungwena, chimene chili mu kompyuta ya bungwe lanu, ndi katundu wa mayiyo. Inu mwangosungitsidwa. Chikagwa m'manja mwa mbava, zikhoza kulembetsera nambala ya foni kapena kutengera ngongole m'dzina lake, iye ali kudimba.

Pano ndichenjezepo pang'ono. Mau akuti chitetezo adagwiritsidwapo ntchito molakwika m'dziko muno, ndipo amene mudabwerera kwanu pambuyo pa referendamu ya 1993 simufuna kukumbutsidwa. Kuteteza netiweki ndi kutseka khomo kuti mbiri za anthu zisabedwe. Si chilolezo choti bwana aziwerenga mauthenga a pa foni ya wantchito wake, kapena choti aboma azisuzumira m'makalata a nzika. Wina akadzabwera ndi makina omvetsera anthu n'kumati ndi chitetezo, mudzamufunse kuti akuteteza yani, kwa yani.

Ndimalize ndi pempho kwa magulu awiri. Kwa inu a m'nthambi: mawa m'mawa chotsani kapepala kaja pa kompyuta, funsani kuti ndi maakaunti angati a anthu ochoka amene akadali otsekula, ndipo lekanitsani fulashi ya nyimbo ndi ya ntchito. Zimenezo sizifuna chilolezo cha munthu. Kwa inu amene mumakhala m'mabodi ndi m'makomiti, amene mau anu amamveka ku Blantyre ndi ku Lilongwe: bajeti ikadzabwera, funsani kuti mwa ndalama za makompyuta, zingati zikupita ku nthambi. Funsani kuti katswiri adafika liti ku Makanjira makina asanafe. Funsani kuti nkhokwe yachiwiri ili kuti ndipo idayesedwa liti. Akakuyankhani kuti ku likulu zonse zili bwino, auzeni kuti simunafunse za ku likulu.

Msodzi sadikira kuti nsomba zithawe kuti adziwe pamene ukonde wang'ambika. Amauyala pamchenga dzuwa likadali pansi, n'kuyamba kusoka kuchokera kumapeto.

Ngati pali mafunso ndiyesa kuyankha, ndipo amene andikanike tiwatumiza kwa eni ntchito.